Wakuba wa m'Filimu ya Mwana Wanga

1

Tsiku limene mwana wanga anandiuza kuti akufuna kupanga filimu ya moyo wa atate ake, ndinamuombera m'manja, ndinamuphera nkhuku, ndipo atangodzutsa galimoto kubwerera ku Lusaka ndinazungulira kuseri kwa nyumba n'kusanza zonse zimene ndinadya.

Dzina langa ndi Beatrice, mkazi wa malemu Gershom Miti. Ndili ndi zaka 62. Makolo anga anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, koma ine ndinabadwira kuno ku Kafue ndipo ndakalambira konkuno, m'nyumba ya ku Estates imene mwamuna wanga anapatsidwa akugwira ntchito ku fakitale ya feteleza. Ku tchalitchi ankandidziwa monga mayi wa chigwirizano wosaphonya maliro. Mwana ndili naye mmodzi yekha, Jethro, amene amadyera kamera: amajambula maukwati ndi maphwando mu Lusaka.

Atate ake atamwalira mu 2019, Jethro anapeza kaseti pansi pa sutikesi yawo. Inali ya bandi yawo yakale, Shifiti Yachitatu, ya anyamata asanu a ku fakitale amene ankaimba m'holo ya antchito Loweruka lililonse. Gershom ndiye anali mwini mawu. Pa kasetiyo panali nyimbo imodzi imene Kafue yense ankaidziwa masiku amenewo, "Tsidya la Njanji."

"Mami, nalema na maukwati," anatero Jethro, akutembenuzatembenuza kasetiyo m'manja. "Nifuna kupanga filimu ya zoona. Ya ba dadi, na bandi yao, na nyimbo ija banakulembelani. Kuli bantu ba kunja bavomela kunithandiza. Koma ba bandi bamene niziba bonse banasila, mwasala chabe imwe. Muniuze vonse."

Ndinamuuza zimene tauni yonse inkadziwa. Mu 1986 zoimbira za bandi zinasowa m'chipinda chosungiramo katundu ku holo: magitala atatu, ng'oma ndi masipika. Zinali za kalabu ya antchito. Makiyi ankasunga ndi Fackson Daka, woimba gitala, mnzake wapamtima wa Gershom. Fackson anamangidwa zaka zitatu. Bandi inafera pomwepo, ndipo Gershom sanaimbenso kwina kulikonse kupatula m'kwaya, mzere wakumbuyo.

"Nanga ba Fackson aba, bali kuti manje?"

"Anamwalira kalekale, kwawo ku Petauke."

Mawuwo anatuluka okha. Sindinkadziwa ngati Fackson anali moyo kapena ayi. Ndinangonena chimene mtima wanga unkafuna kuti chikhale choona.

Jethro analemba m'kabuku kake. "Chabwino. Ndiye nizasebenzesa mazina ya zoona."

2

Zinamutengera zaka ziwiri. Ankabwera ndi gulu lake, kutseka msewu, kuveka achinyamata a lero mathalauza otambasuka kumapazi. Ine ndinkawaphikira tiyi n'kumapemphera chamumtima kuti atope, asiye. Sanatope. Tsiku lina masana anabwera yekha, anatseka makatani a pabalaza, n'kundiikira kompyuta yake pa tebulo.

Ndinene zoona: filimuyo inali yokongola moti inandiopsa. Sinali ngati imene timaonera pa TV ija, ya mfiti ndi anthu okuwa. Inkayamba ndi mdima, kenako kulira kwa saileni ya fakitale, kenako mapazi a antchito pa msewu wafumbi, ndipo mapaziwo pang'onopang'ono ankasanduka kugunda kwa ng'oma. Jethro anajambula mtsinje m'mamawa, nkhungu ili pamwamba pa madzi, bwato limodzi likudula pakati. Anajambula zala zikuyenda pa nsambo za gitala moyandikira kwambiri, mpaka unkaona mafuta a makina m'zikhadabo. Panali pena pamene anyamata a bandi akhala pa njanji akupatsirana ndudu imodzi, akuseka, osadziwa kuti atsala ndi mwezi umodzi wokha ali limodzi. Pamenepo ndinalira ndithu, chifukwa ndi mmene zinalili.

Koma inali ndi zilema zake. Inkayenda ngati munthu wotupa miyendo. Kamera inkatha kuyang'ana nsalu ya pazenera ikugwedezeka mpaka iwe woonera n'kuyamba kuganiza za ndiwo. Mtsikana amene ankasewera ine anali woonda, wachete, wa maso aakulu; filimu yonse sanakwanitse mawu khumi. Ankangochapa, kudikira, kumwetulira. Ine wa nthawi imeneyo ndinali wapakamwa, wa nsapato zazitali, woyamba kulowa m'bwalo bandi ikangoyamba. Ndipo Fackson wa m'filimu anali munthu wa maso ofiira, woyang'ana Gershom cham'mbali kuyambira pachiyambi penipeni, ngati anabadwira kuba.

"Mwaiona bwanji, mami?"

"Ndi yabwino, mwanangu. Koma wakuba uja wamuipitsa nkhope mopitirira."

Jethro anadzikanda m'mutu. "Ndiye pamene panivuta apo. Siniziba chamene banabela. Munthu angagulise bwanji gitala yamene aimba eka? Nafunsa ba mudala bonse, bakamba chabe ati njala, bena ati nsanje. Na nyimbo nayo inivuta. Ba dadi banali kunkala na imwe nyumba imodzi. Manje baimba bwanji ati uli tsidya, moni wanga nameza?"

"Anailemba tisanakwatirane," ndinayankha msangamsanga.

"Ndiye mwamene naikila," anatero, koma anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mwana amayang'anira mayi ake.

3

Anakonza zoti filimu ionetsedwe koyamba kuno ku Kafue, m'holo yomwe ija, Loweruka masana, isanapite ku chionetsero cha mafilimu kunja kwa dziko. Wayilesi inayamba kulengeza, ndipo kumbuyo kwa chilengezocho ankaikako nyimbo ija. Patatha zaka pafupifupi makumi anayi inayambanso kumveka m'maminibasi, m'malo ometera, pa tuntemba, timashopu ta ogulitsa ku Nangongwe:

Uli tsidya la njanji, ine kuno,
sitima ikamadutsa ndimakuona m'mipata,
moni wanga ndameza, usandiyankhe.

Kulikonse kumene ndinkapita inkanditsatira. Anthu ankandiloza mokondwa: "Ndi awo amayi a m'nyimbo."

Lachiwiri ndinapita kumsika kwa Rachael, mayi amene amandigulitsa nsomba. Iye amakapikula yekha kwa asodzi kumtsinje.

"Ba mayi Miti, filimu ya mwana wanu yafika mpaka ku madzi," anatero akupala nsomba yanga. "Kuli mudala wina ku kampu kwamene nigula, osoka maukonde. Pamene anamvela nyimbo pa wayilesi anaseka mpaka kukosomola. Ati nimufunsile siku na nthawi."

"Dzina lake ndani?"

"Timuitana chabe ati ba Daka. Bali na dzanja yolemala."

Nsombayo ndinaisiya pa tebulo pomwepo. Rachael anachita kundithamangira nayo.

Lachinayi masana ndikusesa pakhonde, ndinamva kuti wina akundiyang'ana. Pa geti panaima mwamuna wamtali, wowerama mapewa, wovala jekete lakale ndi chipewa. Sanagogode. Anangogwira chitsulo cha geti ndi dzanja lamanzere, ndipo zala zitatu za dzanjalo zinali zopindikira m'kati ngati zouma.

"Beatrice," anatero. Panalibenso munthu wamoyo amene ankanditchula dzina lokha choncho. "Ndamva kuti ndinafa."

Tsache linandigwa m'manja. Ndinayandikira geti kuti oyandikana nawo asamve.

"Mukufuna chiyani, ba Fackson?"

"Palibe. Ndimati ndione ngati nyumba ndi yomwe ija. Mwaipaka utoto wina."

"Musabwere Loweruka. Ndapota nanu. Mwanayo sadziwa kanthu."

"Ndikudziwa kuti sadziwa. Akanadziwa sakanandiika m'manda ndili moyo." Mawu ake anali ofatsa. "Ndibwera. Ndikufuna ndione mmene ndinabera. Paja ine ndekha ndi amene sindinaone."

Anakweza chipewa pang'ono, monga amachitira amuna aulemu, n'kumapita osatembenuka.

Ndinaimbira Jethro foni. "Sungasinthe tsiku, mwanangu? Ndalota maloto oipa."

Anaseka. "Mami, mipando tabweleka kudala. Valani chabe chitenge chabwino. Muzankala kutsogolo na ine."

4

Mazenera a holo anawaphimba ndi mapulasitiki akuda, jenereta ikulira panja. Anthu anadzaza mpaka kukhoma: madala amene anagwirapo ntchito ku fakitale, ena oyendera ndodo, amayi anzanga a chigwirizano, anyamata ndi atsikana a m'matchalitchi atsopano aja, mafoni ali m'manja. Ine ndinakhala mzere woyamba pambali pa Jethro, nditavala chitenje chatsopano. Ndinacheuka kawiri osamuona, mtima n'kuyamba kutsika. Kachitatu ndinamuona. Anakhala mzere womaliza pafupi ndi khomo, chipewa chili pa bondo.

Saileni ya m'filimu italira, madala anawongoka pamipando ngati achedwa ku ntchito. Wina anakuwa kuti, "Shifiti!" holo yonse n'kuphulika kuseka. Koma itafika pa nsalu ya pazenera paja, anthu anayamba kusuntha mipando.

"Yaimilila, olo ndiye mwamene ilili?" anafunsa mnyamata wina kumbuyo kwanga.

"Bakazi aba sibakamba? Ni osalankhula?" anatero mtsikana wina.

Jethro anangoweramitsa mutu.

Kenako nyimbo inayamba, ndipo onse odandaula aja anakhala chete ngati wina wawatseka pakamwa. Gitala inalowa yokha, pang'onopang'ono. Mayi wina wachikulire anayamba kuimba nawo chapansipansi, wina n'kulandira, mpaka theka la holo linkaimba mumdimamo, anthu amene anavinapo nyimboyo ali ndi mano onse. Pamenepo ndinamvetsa chimene mwana wanga anapanga. Anawabwezera anthuwo unyamata wawo, ndipo anali okonzeka kudana ndi aliyense amene anawalanda.

Ndiye Fackson wa m'filimu anaoneka akutsegula chitseko cha chipinda cha katundu, akunyamula magitala n'kuwaponya m'kagalimoto.

"Kawalala!" anakuwa wina.

"Njoka! Mnzake weniweni!"

Sindinacheuke.

Filimu inathera pakhonde. Gershom wokalamba wakhala pampando, zala zikugunda pa bondo. Mkazi wake akuyanika zovala, ndipo akuyamba kung'ung'udza nyimbo ija kuti mwina mwamunayo alandire. Iye akumwetulira, akutsegula pakamwa, koma osaimba. Sitima ikudutsa patali. Mdima.

Anthu anaimirira akuomba m'manja, ena akupukuta misozi. Amayi a chigwirizano anandizinga n'kumandikumbatira. "Munakwatiwa ndi munthu, mayi. Chikondi chotere kulibenso."

5

Atachotsa mapulasitiki m'mazenera, Jethro anatenga maikolofoni n'kupempha anthu kuti anene maganizo awo. Woyamba anali Lighton, mphunzitsi wa ku sekondale.

"Zithunzi n'zokongola, achimwene, ndipo nyimbo mwaipatsa ulemu," anatero. "Koma mwatidikiritsa kwambiri, ife si azungu a kumene mukupita nayoko. Komanso amayi aja mwawasandutsa chithunzi cha pakhoma. Kodi analibe maganizo awoawo?"

Anthu anaseka. Jethro anayankha mwaulemu kuti amayi ake ndi munthu wosunga zinthu mumtima. Kenako kumbuyo kunakwera dzanja, lopindika zala.

"Ba mudala kumbuyo uko," anatero Jethro.

Fackson anaimirira. Sanadikire maikolofoni.

"Mwana wanga, wajambula bwino," anatero. "Mtsinje uja ndi womwewo. Pa njanji paja tinkakhaladi choncho, ndudu imodzi anthu asanu. Wandiliza, sindikunama. Koma pali pamene walakwitsa. Mnyamata wako wa gitala akufulumira. Nyimbo ija si yothamanga, ndi ya munthu amene akuopa kufika kumapeto kwake. Ndiyeno wakuba wako alibe chifukwa. Wamupatsa maso ofiira basi. Munthu sagulitsa gitala imene wakhala akuipukuta ndi malaya ake zaka zisanu ndi ziwiri. Amene anakuuza nkhaniyi anakubisira pakati pake."

Jethro anayenda masitepe awiri kupita kutsogolo.

"Ndimwe bandani, mudala?"

Amene anayankha anali mdala wina wa ndodo, amene kale ankagwira ntchito limodzi ndi Gershom. Anaimirira akuloza ndi ndodoyo.

"Ni Fackson uyo! Fackson Daka! Kawalala wa magitala!"

Anthuwo anali atatha maola awiri akudana ndi dzina limenelo. Sanafune kumva china. "Ulibe nsoni?" "Wabwela kuseka bamasiye?" Wina anamulanda chipewa. Anyamata amene anali asanabadwe mu 1986 anamugwira jekete n'kumamukankhira kukhomo. Fackson sanalimbane nawo. Ankangoyang'ana pamwamba pa mitu yawo, kuyang'ana ine.

Jethro anaponya maikolofoni pampando wake n'kuthamangira kumbuyo akukuwa kuti amusiye. Maikolofoniyo inagwera pafupi ndi ntchafu yanga, ili yoyaka. Chimene chinkafunika n'kungoitola, kunena mawu anayi kapena asanu, ndipo manja onse aja akanamusiya. Ndinaiyang'ana. Ndinapinda manja anga pamiyendo.

Phokoso limene linamveka kenako sindidzaliiwala. Anamukankha pa masitepe a panja, mutu n'kumenya m'mphepete mwa simenti.

"Mami! Bwelani, mugwilile mutu!"

Ndinapezeka ndili pampando wakumbuyo wa galimoto ya Jethro, mutu wa Fackson uli pamiyendo panga, magazi akulowerera m'chitenje. Tili m'njira anatsegula maso.

"Sunasinthe, Beatrice," anatero chapansipansi, n'kutsekanso.

Ndinaona maso a Jethro pa kagalasi ka kutsogolo. Anamva.

6

Kuchipatala anamulowetsa m'chipinda chosokera mabala, ife n'kutsala pa benchi ya m'khonde. Dzuwa linali litapendeka. Jethro sanakhale pansi. Anaima patsogolo panga, malaya ake oyera ali magazi okhaokha.

"Munaniuza ati banafa."

"Ndinakuuza."

"Manje muniuze vamene simunaniuze."

Ndinamuuza. Ndikulemba pano mmene ndinanenera, popanda kudzikometsera.

Ndinakwatiwa ndi Gershom ndili ndi zaka 18. Zaka zisanu zinatha opanda mwana. Apongozi anga ankabwera kuchokera kumudzi ndi mizu yowawa, ndipo akamachoka ankauza mwana wawo, ine ndikumva, kuti kumudzi kuli atsikana obereka. Fackson ankakhala ndi amayi ake m'komboni ya anthu a njanji, tsidya lina, pafupi ndi kwa makolo anga. Ndikapita kukaona makolo ankandiona, ndipo ankadziwa kuti ndalira ngakhale nditasamba kumaso. Nyimbo ija analemba ndi iye. Analibe mawu oimbira, ndiye anaipereka kwa Gershom. Loweruka lililonse mwamuna wanga ankandiimbira mawu a mwamuna wina, ine ndikuvina patsogolo pawo onse awiri.

Tinayenda mobisa miyezi isanu ndi itatu. Kenako ndinaima, ndinatenga pakati.

Gershom anagula mbuzi. Apongozi analulutira mpaka mawu kusasa. Koma Fackson anati sangaone mwana wake akukula ndi dzina la mwamuna wina. Anati auza Gershom yekha, pamaso, ndipo ine ndi iye tipita ku Petauke. Ndinamugwadira. Anakana. Anandipatsa milungu iwiri.

Ndinayang'ana nyumba ya ku Estates, ya magetsi ndi madzi a pampopi. Ndinayang'ana nkhope ya Gershom akamagwira mimba yanga. Ndinaganiza za dzina langa m'kamwa mwa amayi a ku Kafue. Lachitatu lina ndinapita kwa Fackson amayi ake atachokapo, ndipo iye ali m'tulo masanawo ndinatulutsa makiyi m'thumba la jekete lake n'kupatsira mlongo wanga Enock pazenera. Enock anali ndi mnzake wa kagalimoto. Pomwe Fackson ankadzuka, makiyi anali atabwerera m'thumba, zoimbira zili pa msewu wa ku Lusaka.

Sindinalekere pomwepo. Ndinauza apolisi kuti ndinamuona ndi maso anga akukweza katunduyo. Ndinalumbira m'khoti nditagwira Baibulo, mimba ikuoneka. Woweruza anamufunsa kuti anali kuti masana a Lachitatu limenelo. Fackson anandiyang'ana, n'kunena kuti sakukumbuka. Akanangotchula dzina langa akanamasulidwa. Amayi ake anamwalira iye ali m'ndende. Dzanja lija linaphwanyidwa ndi mwala komweko, akugwira ntchito ya akaidi. Enock anafa kalekale ndi chinsinsi chake. Ndinatsala ndine ndekha.

Jethro atalankhula, mawu ake anali ngati a mwana wamng'ono.

"So ba dadi..."

"Gershom anakulera, ndipo anakukonda. Koma amene anakubereka ali m'chipinda umo, akumusoka mutu."

Anayang'ana magazi a pa malaya ake. Anawagwira ndi nsonga za zala. Kenako anatembenuka, n'kulowa m'chipindamo, n'kutseka chitseko.

7

Fackson anachira, ngakhale khutu limodzi silimvanso bwino. Tsiku lachitatu ndinalimba mtima n'kupita kukamuona. Ndinapeza Jethro atakhala pambali pa bedi akumusendera lalanje. Sanandipatse moni. Ndinagwada pansi pa simenti n'kuyamba kupepesa, koma Fackson anakweza dzanja.

"Dzuka, anthu akuona. Pali chimodzi chimene nawenso sudziwa. Gershom anabwera kundende kamodzi, atanyamula sopo ndi shuga. Anati, 'Ndikudziwa kuti sunabe. Ndikudziwanso amene unamulembera nyimbo. Adokotala anandiuza kalekale kuti ine sindingabereke, ndinangobisa. Mwanayo ndimulera ine. Iwe ukatuluka usadzapondenso mu Kafue.' Ndiye ndinamvera. Ndinayendayenda, n'kudzathera kumtsinje, kumene utsi wa fakitale unkaonekera patali. M'tauni muno sindinapondemo mpaka sabata yatha."

Zaka 33 ndinagona pambali pa mwamuna amene ankadziwa zonse. Ndinkamupatsa madzi osamba, iye n'kunena zikomo. Ndinkaganiza kuti anasiya kuimba chifukwa cha chisoni cha magitala.

Jethro anaika mpeni pansi. Gershom amene iye anamupangira filimu, wa mtima woyera uja, anali atafanso kachiwiri pamaso pake.

Filimu sinapite kunja. Anailetsa yekha, ngakhale amene anamuthandiza anamuchonderera. Fackson nayenso anamuchonderera.

"Usaitaye yonse," anamuuza. "Mtsinje uja sunaname. Ndudu ija sinaname."

"Naika zaka zibili kupanga chinthu chokongola," anayankha Jethro, "ndiye chamene chamenyesa batate banga pa masitepe. Siningaionesenso."

Anamutenga Fackson n'kupita naye ku Lusaka, kumene akukhala onse mpaka lero. Ndimamva kuti sanayambe kuitanana tate ndi mwana. Wina amati mudala, wina amati mnyamata. Ndimamvanso kuti Jethro anagula gitala, ndipo mdalayo amamuuza poika zala, akumukalipira akafulumira. Ine amandiimbira foni Lamlungu lililonse, mphindi ziwiri. Amayamba ndi mawu omwewo: "Muli bwanji, ba Beatrice?" Liwu loti mami sindinalimvenso chichokere pa benchi ija.

Ndinapita kwa abusa n'kuwauza zonse, ndipo yunifolomu ya chigwirizano ndinaipinda n'kukaisiya ndekha. Amayi amene anandikumbatira aja amawoloka msewu akandiona. Sindiwaimba mlandu.

Inu amene mukuwerenga, ena mwa inu muli ndi nkhani imene mumauza ana anu, yosalala, ya munthu wabwino ndi munthu woipa. Ine yanga ndinainena kambirimbiri mpaka inakoma, ndipo mwana wanga, amene ali ndi luso, anaikometsa kuposa pamenepo. Anthu anadandaula kuti filimu ikuchedwa, kuti mkazi salankhula, kuti wakuba alibe chifukwa. Onse ankaloza malo amodzi osadziwa: paliponse pamene filimuyo inkatsimphina ndi pamene ine ndinachotsapo choonadi. Mwana wanga sanalephere ntchito yake. Anamanga ndi zimene ndinamupatsa.

Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Ndinali ndi mantha mu 1986, koma mantha sanatenge makiyi aja, ndinatenga ndine. Ndipo nditakalamba, nditaimba nyimbo za Mulungu zaka zonsezi, ndinapatsidwa mwayi wachiwiri uli pafupi ndi ntchafu yanga, n'kupindanso manja.

Ndalemba chifukwa cha inu amene munali m'holo tsiku lija, ndi onse amene munamva nkhaniyi kumsika ndi m'minibasi. Fackson Daka sanabe kanthu. Nyimbo imene munaimba mukulira ija ndi yake. Munthu amene munamukankha pa masitepe anali wosalakwa. Wakuba anakhala mzere woyamba, ndipo munachita kupanga mzere kuti mumukumbatire.